Chipale chofewa choyamba pa Ben Nevis: kodi munthu wozolowera Mulanje akonzekere bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse okonda kukwera mapiri. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo amene anapondapo chipale chofewa ndi mapazi awo, osati kungochiona pa kanema monga ine.

Kumapeto kwa mwezi uno wa Okutobala ndikupita ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kumene ndikakhale masabata atatu pa ubale wa sukulu yathu ndi sukulu ina ya kumeneko. Anzanga amene akandilandire anandifunsa malo amene ndikufuna kukaona, ndipo ndinatchula awiri. Oyamba ndi Blantyre wa kumeneko, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813 ndiponso kumene dzina la mzinda wathu linachokera. Achiwiri ndi phiri la Ben Nevis, lomwe ndi lalitali kuposa mapiri onse a ku Britain. Za Blantyre anavomera msanga, koma za phiri anayankha mozengereza, nati chipale chayamba kale kuoneka pamwamba pake, choncho ndiganizirenso bwino.

Kunena zoona, sindinamvetse nkhawa yawo. Ine ndakwera Sapitwa katatu, kudzera ku Likhubula ndi kugona pa Chisepo, ndipo Sapitwa ndi wa mamita 3,002. Loweruka ndikapeza mpata ndimakwera Michiru. Ben Nevis ndi wa mamita 1,345 okha, kutanthauza kuti ngakhale Michiru amene ndimamuona ndili pakhonde panga ndi wamtali kuposa iye. Zithunzi zimene anditumizira zikuonetsa chipale chochepa kwambiri, chongowazika ngati ufa wotsalira pa mphasa, miyala ikuonekabe bwinobwino.

Kodi chipale chochepa choterechi ndi choopsadi kwa munthu wamphamvu amene anazolowera matanthwe a Mulanje, kapena anzangawa akungondidera nkhawa chifukwa ndine mlendo? Nanga chipale choyamba chimasiyana bwanji ndi cha pakati pa nyengo yozizira? Ndikufunanso kudziwa zimene ndingagule konkuno, kaya pa kaunjika wa ku Limbe, ndi zimene ndiyenera kukapeza komweko. Tsiku limene tingapite kuphiriko ndi m'sabata yoyamba ya Novembala. Panopa kuno dzuwa likuswa mtengo, moti n'zovuta kuganiza za madzi oundana uku thukuta lili kamukamu, n'chifukwa chake ndikupempha nzeru kwa amene anaziona.

Wa ku Namiwawa anayankha kuti:

Amayi a ku Chilomoni, mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Ndinakhala ku Scotland zaka zinayi ndili pa maphunziro, ndipo phiri limeneli ndinalikwera kangapo, m'chilimwe cha kumeneko komanso chipale chitagwa. Anzanuwo sakukuopsezani pachabe.

Mamita amene mukuwayerekezawo akukusocheretsani. Ife a mu Blantyre timagona ndi kudzuka tili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho tikamakwera Michiru miyendo yathu imangokwera mamita mazana ochepa. Njira ya Ben Nevis imayambira m'chigwa cha Glen Nevis, pafupi ndi tauni ya Fort William, pamalo amene ali pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, kotero mamita oposa 1,300 onsewo mudzawakwera tsiku limodzi ndi kuwatsikanso tsiku lomwelo, popanda nyumba yogonamo panjira monga Chisepo. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 17, ndipo anthu ambiri amatha maola 7 mpaka 9 nyengo ikakhala yabwino. Izi zokha sizikundidetsa nkhawa, pakuti munthu amene anafika pa Sapitwa katatu mphamvu ali nazo.

Chimene chikusintha zonse ndi malo amene phirili lili. Ife tili pa madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa mzere wa equator, pamene Ben Nevis ali pa madigiri pafupifupi 57 kumpoto, kufupi ndi nyanja ya Atlantic imene imatumiza mphepo yachinyezi nthawi zambiri. Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Ngati m'mawa ku Fort William kuli madigiri 8, pamwamba pa phiri pamakhala pa 0 kapena kutsikirapo, ndipo mvula imene ikukunyowetsani m'munsi imakhala ikugwa ngati chipale kumtunda. Pamwambapo panali nyumba yoyezera nyengo imene inagwira ntchito kuyambira 1883 mpaka 1904, ndipo njira imene mudzayendemo inalambulidwira mahatchi onyamula katundu wa nyumbayo. Zimene anthu ake analemba zinaonetsa kuti ukaphatikiza chaka chonse, kutentha kwa pansongapo kumakhala pansi pang'ono pa 0.

Tsopano ndifike pa chipale choyamba, chimene ndicho mutu wa funso lanu. Ine ndimachiopa kuposa cha mu Febuluwale. Pakati pa nyengo yozizira chipale chimakhala chaunjikana, chatseka mipata ya pakati pa miyala, chalimba, ndipo aliyense woliyang'ana phiri ali m'munsi amadziwa kuti kumwambako sikopita wopanda zida. Chipale choyamba chimakhala chopyapyala. Masana chimasungunuka, madzi ake n'kuyenderera pa miyala imene anaiyala ngati masitepe, ndipo usiku madziwo amaundana n'kukhala kachikuto koonekera mkati ngati galasi. Diso limangoona mwala wonyowa, koma phazi likaponda limapeza kuti palibe pogwira. Ganizirani pansi pa simenti popakidwa polishi, wina atathirapo madzi a sopo, ndiye pansipo pakhale popendekeka. Kukagwanso chipale china chochepa usiku, chimaphimba galasi lija, moti simungasiyanitse mwala woterera ndi wosaterera. Pamene anthu ambiri apondaponda, chipale chimatsendereka n'kusanduka ayezi, choncho nthawi zina njira yeniyeniyo ndiyo imaterera kuposa m'mbali mwake. Kumtunda, kumene kuli miyala yokhayokha, chipale chatsopano chimabisa maenje a pakati pa miyala koma sichikhala cholimba moti n'kunyamula munthu, ndipo mwendo ukalowa m'dzenje thupi likupitabe kutsogolo, bondo kapena kakolo ndizo zimavulala.

Pa matanthwe a Sapitwa munaphunzira kukhulupirira kuti mphira wa nsapato ugwira mwala wokhakhala, ndipo mwala wouma wa Mulanje umagwiradi. Chizolowezi chabwino chimenecho ndicho chingakupondetseni molimba mtima pamalo oyenera kukayika.

Pamwamba pa phirili ndi pathyathyathya, podzaza miyala, ndipo masiku ambiri pamakhala nkhungu. Kumpoto kwake kuli maphompho akuya mamita mazanamazana, ndipo zigwembe zake ziwiri, Gardyloo Gully ndi Tower Gully, zimalowa mkati mpaka pafupi kwambiri ndi njira. Chipale chikakuta pansi, nkhungu n'kukuta kumwamba, zonse zimayera mofanana ndipo munthu sazindikira pamene nthaka yathera. Mphepo imaunjikanso chipale m'milomo ya maphompho n'kupanga khonde lolendewera, lopanda kanthu kunsi kwake. Potsika, amene wapatukira kumanzere mopitiriza pothawa maphompho a kumpotowo amakalowa m'chigwembe china chotchedwa Five Finger Gully, mmene anthu anavulalamo ndipo ena anatayiramo moyo. N'chifukwa chake okwera phirili amasunga pamtima manambala awiri a kampasi: kuchokera pa chipilala cha pansonga, madigiri 231 kwa mamita 150, kenako madigiri 282. Ndawalemba kuti muone kukula kwa nkhaniyi, koma manambalawa sathandiza munthu amene sanaphunzirepo kuyenda ndi kampasi ndi kuwerenga mapazi ake ali m'nkhungu.

Musaiwale za dzuwa. Kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse. Ku Scotland amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo m'sabata yoyamba ya Novembala dzuwa ku Fort William limatuluka cha m'ma 7:30 m'mawa n'kulowa cha m'ma 4:30 madzulo. Ndiye kuti muli ndi maola pafupifupi 9 a kuwala pa ulendo umene umatha maola 7 mpaka 9 njira ili youma, pamene ayezi amachedwetsa aliyense. Mukachedwa pang'ono mudzatsika mumdima, mutatopa, pa nthawi imene madzi osungunuka masana akuyambanso kuundana.

Musanapite werengani zanyengo za m'mapiri, osati za m'tauni. Bungwe la Met Office ndi la Mountain Weather Information Service amalengeza tsiku ndi tsiku, ndipo mawu oti muwayang'anitsitse ndi akuti freezing level, kutanthauza msinkhu wa phiri pamene madzi ayambire kuundana tsiku limenelo. Akalemba mamita 700, dziwani kuti theka lonse la kumtunda la ulendo wanu likhoza kukhala pa ayezi. Onaninso liwiro la mphepo ya pansonga. Bungwe lochenjeza za chipale chogumuka, la Scottish Avalanche Information Service, kawirikawiri limayamba malipoti ake a tsiku ndi tsiku pakati pa Disembala, choncho mu Novembala thandizo limenelo kulibe.

Namwino wa ku Chirimba anayankha kuti:

Achemwali, bambo a ku Namiwawa afotokoza bwino za kuterera. Ine ndiwonjezere za kuzizidwa kwa thupi, chifukwa pa nkhani imeneyi Mulanje wathu yemweyu anatichenjeza kale.

Mwina mukukumbukira kuti mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasowa pa Sapitwa atapitiriza ulendo yekha popanda womuperekeza, nyengo n'kusintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata pafupifupi atatu. Anamwalira ndi kuzizira, pa phiri lopanda chipale. Amene munagonapo pa Lichenya kapena pa Thuchila mu Juni mukudziwa kuti m'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndipo chiperoni chikabwera, nkhungu ndi mvula yowaza zimatha kukhala masiku angapo osaleka. Kuzizira konyowa kwa chiperoni ndiko kukufanana kwambiri ndi kumene mukakumane nako, kungoti kumeneko mphepo ndi yaukali ndipo kulibe moto wa nkhuni wa m'nyumba za pa Mulanje woti muthawireko.

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ndiye kuti vuto layamba. Zovala zonyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta, zimachotsa kutentha mofulumira kwambiri, ndipo mphepo imawonjezera. Munthu amayamba kunjenjemera, zala zimakanika kutseka zipi kapena kumanga zingwe za nsapato, kenako amapunthwapunthwa, amalankhula mosamveka ngati woledzera, ndipo amasiya kulabadira za ulendo. Akasiya kunjenjemera asanafundidwe, musaganize kuti wapeza bwino, pakuti pamenepo zinthu zafika poipa. Chomvetsa chisoni n'chakuti wozizidwayo kawirikawiri sadziwa zimene zikumuchitikira, choncho anzake ndiwo ayenera kumuyang'anira. Mukaona zizindikirozi mwa mnzanu, mubiseni ku mphepo, akhale pa chikwama osati pa mwala kapena pa chipale, mumuveke zouma, ndipo ngati ali maso ndipo akutha kumeza mumupatse tiyi wofunda wa shuga ndi chakudya. Mowa musamupatse, ndipo musamutikite manja ndi miyendo.

Pali chinthu china chimene mabuku ambiri satiganizira ife. Amanena kuti chala kapena khutu likayamba kupsa ndi chisanu, khungu limayera. Pa khungu lathu lakuda kusintha kumeneku sikuoneka msanga, kotero musadikire kuti muone ndi maso. Chala chikachita dzanzi n'kusiya kumva kuwawa, imani, muchilowetse m'khwapa mpaka chitsitsimuke.

Nkhani ya kuterera ndi ya kuzizidwa zimakumana pamalo amodzi. Munthu akabinya kakolo m'tauni amakwera minibasi n'kupita kuchipatala. Akabinya kakolo pa mamita 1,000 mu Novembala ku Scotland, amakhala pansi maola angapo kudikira omupulumutsa, ndipo zovala zimene zinkamukwanira akuyenda zimamuchepera atakhala. Choncho m'chikwama mukhale jekete ina yofunda imene simunaivale, ndiponso thumba lalikulu la pulasitiki lolowamo munthu pa ngozi, limene kumeneko amagulitsa motchipa.

Pa kaunjika mungapeze zambiri ngati muwerenga kansalu kolembedwa ka m'khosi. Pewani thonje: jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma msanga ndipo zimamatirira pathupi. Funani zolembedwa kuti wool, polyester kapena fleece. Muvale zingapo zopyapyala, china pamwamba pa chinzake, m'malo mwa chijasi chimodzi chokhuthala, kuti mukatenthedwa pokwera muvuleko chimodzi musanatuluke thukuta. Pamwamba pa zonse pakhale jekete yosalowa madzi ndi mphepo, yokhala ndi chipewa chake, ndi thalauza la mtundu womwewo. Majekete ambiri a pa kaunjika anasiya kalekale kutchinga madzi ngakhale akuoneka atsopano, choncho mukagula muiyese pampopi kunyumba musanaike m'sutikesi. Mutenge magolovesi awiriawiri chifukwa oyamba amanyowa, chipewa choluka chofika m'makutu, ndi masokosi a ubweya. Tochi ikhale ya pamutu, ndi mabatire apadera, pakuti kuzizira kumatha mabatire msanga, ndipo foni muziisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi. Mtedza wokazinga, buledi wopaka chiponde ndi tiyi wa m'fulasiki ndi kamba wokwanira, malinga muzidya pang'onopang'ono tsiku lonse osadikira njala.

Pa ngozi imbani 999, mupemphe apolisi, kenako munene kuti mukufuna opulumutsa anthu m'mapiri. Gulu la m'dera limenelo ndi Lochaber Mountain Rescue Team, ndipo anthu ake ndi ongodzipereka amene amasiya ntchito zawo ndi mabanja awo akaitanidwa. Foni ikakanika, imbani wezulo kasanu ndi kamodzi, mupume mphindi imodzi, mubwerezenso.

Wa ku Bangwe anayankha kuti:

Amayi, ine ndine mwana pamaso pa akuluakulu amene alankhulawa, ndipo ku Scotland sindinafikeko. Koma chipale choyamba ndinakumana nacho m'mapiri a Drakensberg, m'malire a South Africa ndi Lesotho, mwezi wa Meyi zaka zingapo zapitazo pamene ndinkagwira ntchito ku Durban. Tinakwera wapansi msewu wa Sani Pass, umene pamwamba pake ndi mamita oposa 2,800. M'munsi munali dzuwa labwino ndipo fumbi linali kobo, koma titafika pa makhotolo a kumtunda tinapeza timitsinje toundana titadutsa msewu. Pa khotolo lina lamthunzi ndinaponda pamene ndinkayesa kuti ndi madzi wamba, miyendo inachoka yonse nthawi imodzi, ndipo ndinagwera dzanja, moti linatupa kwa masabata awiri.

Chimene ndinaphunzira ndi kuyang'ana mthunzi. Kwathu kuno kummwera, m'nyengo yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, choncho mbali za phiri zoyang'ana kummwera ndizo zimakhala ndi ayezi tsiku lonse. Ku Scotland ndi mosemphana: dzuwa limadzera chakummwera, ndipo mbali zoyang'ana kumpoto ndi m'makwalala a mitsinje ndimo mosasungunuka. Pa ayezi muziyenda mofupikitsa mapazi, phazi lonse liziponda pansi nthawi imodzi, mawondo opinda pang'ono, manja kunja kwa matumba, ndipo ndodo ziwiri zimathandiza kwambiri.

Mmodzi wa anzathu anali ndi microspikes, timaunyolo tokhala ndi timano tachitsulo tomwe amakoleka kunsi kwa nsapato ndi mphira. Iye anayenda pa ayezi yemweyo osaterereka ngakhale kamodzi. Maganizo anga ndi akuti mukagule timeneti mukafika ku Glasgow, mulawirire m'mamawa, mukwere. Si kawirikawiri munthu wa ku Chilomoni kupeza mwayi wotere, ndipo ndikuopa kuti tingakuchititseni mantha mpaka mubwerere kuno musanaliponde phirilo.

Wa ku Namiwawa anayankhanso kuti:

Achimwene a ku Bangwe, za mthunzi mwanena zoona ndipo ine ndinaziiwala. Mtima wanu wofuna kuti amayiwa asataye mwayi ndaumvanso. Koma pa microspikes ndisiyana nanu.

Sani Pass ndi msewu wa magalimoto, wotakasuka, ndipo munthu akagwa pakati pake amathera pomwe wagwerapo, monga munachitira inu. Pamalo otero, komanso pa masitepe a m'munsi mwa Ben Nevis, timano timeneto timathandizadi, ndipo ine ndimatinyamula. Mukadutsa kanyanja ka Lochan Meall an t-Suidhe, pa mamita pafupifupi 570, n'kuoloka mtsinje wa Red Burn, njira imayamba kukhotakhota pa mtsetse waukulu, ndipo chipale chikalimba pamenepo munthu woterereka amatha kutsetsereka mtunda wautali. Timano ta microspikes ndi tatifupi, tilibe mano a kutsogolo, ndipo pamalo opendekeka timasuntha pa nsapato. Choopsa china n'chakuti timamulimbitsa munthu mtima kukwera mpaka kufika pamene kutsika kwake sangakuthe, pakuti pa ayezi kutsika ndiko kovuta kuposa kukwera.

Zida zenizeni za malo otere ndi ma crampons, omwe ndi chitsulo cha mano aatali 10 kapena 12 chomangirira ku nsapato, ndi ice axe, kankhwangwa kokhala ndi mpini wachitsulo kamene munthu amachirikizira ndiponso kudziimitsira akayamba kutsetsereka. Ma crampons amafuna nsapato zouma kunsi, ndipo kumeneko nsapato amazipatsa magulu a B1, B2 ndi B3, ma crampons a C1, C2 ndi C3, kuti zigwirizane. Zida ziwirizi zimafuna kuphunzitsidwa. Amene wavala ma crampons koyamba amakola thalauza lake ndi mano n'kugwa chamutu, ndipo ice axe m'dzanja la munthu wosaidziwa ikhoza kumubaya yekha. Kuwonjezera apo, chipale choyamba chimavuta ngakhale kwa odziwa, chifukwa chimakhala chochuluka moti nsapato yokha siigwira, koma chochepa moti mano a ma crampons amangokwecha mwala. Palibe chida chimodzi chothetsa vutoli. Pamafunika munthu wodziwa kusankha pamene avale, pamene avule, ndi pamene abwerere.

Choncho, amayi, chitani zimene timachita pa Likhubula popanda manyazi: tengani wokutsogolerani. Mufunse ngati ali ndi satifiketi ya Winter Mountain Leader, yotsogolera anthu m'mapiri nthawi ya chipale, chifukwa ya m'chilimwe yokha siikwanira chipale chikagwa. Ku Fort William kuli masitolo obwereketsa nsapato, ma crampons ndi ice axe, kotero musawononge ndalama kugula zimene simudzazigwiritsanso ntchito kuno. Mugwirizane musananyamuke za ola lobwerera, mwachitsanzo 12 koloko masana, kaya mwafika pansonga kaya ayi. Ngati nyengo yakana, pafupi ndi Glasgow pali Conic Hill, kaphiri ka mamita 361 pamwamba pa mudzi wa Balmaha, pamene mumaona nyanja ya Loch Lomond ndi zilumba zake zambiri. Palinso Ben Lomond wa mamita 974, koma ameneyo nayenso amagwa chipale mu Novembala, choncho zonse takambiranazi zikumukhudza.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Tsopano ndamvetsa kuti anzanga aja ankanena za ayezi wobisika pansi pa chipale chochepacho, pamene ine ndinkangowerenga mamita. Ndawalembera usiku womwe uno kuti andifunire wotsogolera wokhala ndi satifiketi imene mwatchulayo, ndipo ndawapempha kuti tisasankhe tsiku limodzi lokha, koma tisiye masiku atatu kuti tidzatsate zanyengo. Achimwene a ku Bangwe, mawu anu andilimbitsa kuti ndisausiye ulendowu, ndipo timaunyolo tija ndikagula ndithu, ngakhale tikagwire ntchito m'munsi mokha. Achemwali a ku Chirimba, Loweruka ndipita ku Limbe ndi mndandanda wanu m'manja.

Ndatsala ndi funso limodzi. Nsapato zimene ndimakwerera Mulanje ndi za chikopa, zofika mu kakolo, ndipo ndayenda nazo zaka zitatu. Kodi ndizinyamule, kapena ndingodalira zobwereka?

Wa ku Namiwawa anayankha kuti:

Zinyamuleni, amayi, chifukwa nsapato imene phazi linaizolowera ndi yofunika pa maulendo ena onse a m'munsi. Koma muziyese kaye motere: gwirani nsapatoyo kuchala ndi kuchidendene, muipinde ndi manja. Ikapindika mosavuta pakati, siingagwire ma crampons, ndipo idzakuthandizani pa malo a m'munsi okha monga Conic Hill. Muyang'anenso kunsi kwake ngati mizere ya mphira idakalipo, pakuti matanthwe a Mulanje amadya mphira msanga, ndipo muipake mafuta otchinga madzi musananyamuke. Zobwerekazo mukazitenge dzulo lake, muzivale ndi masokosi omwewo amene mudzakwere nawo, muyende nazo m'tauni kwa ola limodzi, ndipo pamene mukumva kuti pakukhula mumatepo pulasitala m'mawa musanayambe ulendo. Mupemphenso wotsogolerayo kuti akusonyezeni kamangidwe ka ma crampons muli m'nyumba mofunda, zala zikugwira ntchito bwinobwino, kuti pa phiri mudzangobwereza zimene mwaphunzira kale.